Machesi ndi otchipa, koma tikulipira ndi nthaka: maganizo anga pa makina otchetchera tchire



Kuno kwathu ku Lobi chida chachikulu chochotsera tchire si khasu, si chikwanje, si chitchetcho ayi. Ndi machesi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, aliyense woyenda msewu wochokera pa Linthipe kudzera pa Thete amadzionera yekha: utsi uku ndi uku, lupsa m'mbali mwa msewu, minda yakuda bii, ndipo usiku moto umachita kuyenda mondondozana m'mapiri a cha ku Dzalanyama. Tinazolowera moti sitidabwanso.

Lero ndikufuna ndilankhulepo za makina ena amene ambiri kuno sanawaonepo. Pachingerezi amawatchula kuti flail mower. Ndi makina otchetchera amene amamangidwa kumbuyo kwa thirakitala, ndipo ntchito yake ndi kudula udzu wautali, mapesi ndi zitsamba, n'kuzinyenyanyenya, n'kuzisiya pansi pomwepo ngati zinyalala zophimba nthaka. Ine monga mphunzitsi wa za ulimi ku sekondale, maganizo anga ndi awa: ngati kalabu, kopaletivu kapena mpingo kuno utapeza mwayi wa thirakitala, tisamangoganiza za pulawo ndi ngolo basi. Tiganizenso za makina otchetcherawa, chifukwa ndi amene angapikisane ndi machesi. Koma ndinenerenu kuti makinawa si a munthu mmodzi, si a malo alionse, ndipo akasankhidwa mwachisawawa amasanduka chitsulo choseweretsa ana pansi pa mtengo wa mango.

Chimene moto umatibera

Munthu wotentha tchire si chitsiru. Ali ndi zifukwa zake. Kusosa munda ndi manja n'kowawa, ganyu ndi wodula, ndipo bokosi limodzi la machesi limamaliza m'maola awiri ntchito ya sabata yathunthu. Anyamata nawo amafuna mbewa, abusa amafuna msipu wophuka kumene, ena amaopa njoka pafupi ndi nyumba. Zonsezi n'zoona.

Koma tiyeni tione chimene chimachitika udzu ukapsa. Chakudya cha mbewu chotchedwa nayitirojeni, chomwe timachigula modula mu thumba la urea, chimapita kumwamba ndi utsi. Salifa nayenso amapita. Zinthu zimene zikanawola n'kusanduka chonde chogwira madzi m'nthaka zimathera pomwepo. Phulusa limatsala ndi potaziyamu ndi zina pang'ono, n'chifukwa chake pa malo otenthedwa mbewu imaoneka yosangalala chaka choyamba, koma phulusa ndi lopepuka. Mphepo ya mu Okutobala imaliulutsa, ndipo lotsalalo mvula yoyamba imalitsitsira kudambo. Nthaka imakhala yamaliseche pa nthawi imene mvula yamphamvu ikubwera. Kafukufuku amene bungwe la FAO linachita pamodzi ndi boma anapeza kuti mu 2014 dziko lathu limataya nthaka pafupifupi matani 29 pa hekitala iliyonse pa chaka. Kuno kumapiri a Dedza, kumene minda yambiri ili pa malo otsetsereka, simufunika kafukufuku kuti mukhulupirire. Tangoonani mtundu wa madzi a mu Linthipe ndi Diamphwe mu Januwale.

Tsono taganizani. Kuyambira 2005, pamene boma la a Bingu wa Mutharika linayamba ndondomeko ya makuponi a feteleza, dziko lino lathira ndalama zankhaninkhani pa feteleza. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa thumba unakwera koopsa. Komabe chaka ndi chaka timatentha manyowa aulere amene munda womwewo watipatsa. Kodi si kutunga madzi ndi dengu kumeneku?

Alangizi akhala akutiphunzitsa ulimi wa mleranthaka, wophimbira munda ndi mapesi. Ambiri anayesa, ena anasiya. Chifukwa chimodzi chosiyira n'chakuti kudula ndi kuyala mapesi ndi udzu pamanja ndi ntchito yolemetsa, ndipo phesi lalitali limachedwa kuwola ndiponso limasokoneza pobzala. Apa ndi pamene makina otchetchera akubwerapo.

Makinawa ndi otani?

Ndifotokoze mmene ndimafotokozera ana a Fomu 3. Tangoganizani chipaipi chachikulu chachitsulo chogona chopingasa kumbuyo kwa thirakitala. Pa chipaipicho alendeweretsapo timipeni tambirimbiri, kalikonse pa bawuti yake, tolendewera momasuka ngati makiyi pa waya. Mphamvu imachoka ku injini ya thirakitala kudzera pa shafiti ya kumbuyo yotchedwa PTO, imene pa mathirakitala ambiri imazungulira ka 540 pa mphindi. Imalowa mu giyabokosi, kenako m'malamba, ndipo chipaipi chija chimazungulira pafupifupi ka 2,000 pa mphindi kapena kuposa. Chikamazungulira motero, timipeni tija timatambasuka n'kumamenya udzu. Pamwamba pake pali chivundikiro chachitsulo, choncho udzu umamenyedwa kangapo m'katimo usanagwe pansi uli tizidutswa. Kumbuyo kuli rola imene imagubuduka pansi n'kumasunga msinkhu wodulira.

Ubwino wake wagona pa kulendewera kwa timipenito. Kampeni kakagunda mwala kapena chitsa, kamapinda n'kubwerera m'mbuyo m'malo mothyola makina onse. Kakathyoka, mumasintha komweko, osati chipaipi chonse.

Pali makina ena otchetchera amene mwina munawaonapo m'maesiteti kapena m'mbali mwa misewu ya mu Lilongwe. Amenewo ali ndi mipeni iwiri ikuluikulu yozungulira chogona ngati chopemerera mphepo cha padenga. Ndinene chilungamo: amenewo ndi otchipa, ndi osavuta kukonza, amathamanga, ndipo amadula zitsamba zonenepa kuposa amene ndikukambawa. Ngati ntchito yanu ndi kugwetsa tchire lalikulu kutali ndi anthu, gulani amenewo. Koma ali ndi mavuto awiri. Loyamba, amasiya udzu wautaliutali uli m'milumilu. Lachiwiri, amaponya miyala kutali ngati legeni. Kuno ku Lobi kulibe malo opanda mwana, mbuzi kapena mayi wosenza nkhuni akudutsa. Makina a timipeni tolendewera amagwetsera zinthu pansi, pafupi ndi rola. N'chifukwa chake ku Italy ndi ku France amawagwiritsa ntchito pakati pa mizere ya mphesa ndi mitengo ya zipatso, ndiponso m'mbali mwa misewu.

Nkhani ya zipatso si yachilendo kwa ife. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, achinyamata ongodzipereka ochokera ku Japan anagwira ntchito ndi alangizi athu pa ulimi wa ndiwo zamasamba ndi zipatso, ndipo Lobi Horticulture Association inadziwika chifukwa cha ntchito imeneyi. Aliyense amene anabzalapo mapichesi, malalanje kapena mango omezanitsa akudziwa kuti mdani wa mtengo waung'ono ndi moto wa mu Sepitembala. Zaka zisanu zosamalira zimatha madzulo amodzi.

Posankha, yambani ndi malo anu

Anthufe timakonda chachikulu ndi chonyezimira. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Posankha makinawa, mafunso oyenera ndi awa.

Choyamba, mukufuna kudula chiyani? Timipeni tilipo ta mitundu iwiri. Tina n'topyapyala, tooneka ngati chilembo Y chozondoka. Timeneti n'tabwino pa udzu ndi zomera zofewa, ndipo sitifuna mphamvu yambiri. Tina n'tolemera, tooneka ngati kanyundo kapena kankhwangwa. Timeneti ndi timene timatha mapesi ouma, nsenjere ndi zitsamba zonenepa ngati chala chachikulu cha kumanja mpaka masentimita 5, malinga ndi kulimba kwa makinawo. Malo athu kuno ndi osakanikira: udzu, zitsamba, miyala, zitsa. Ine ndinganene kuti tisankhe tanyundo. Koma tisanamizane: makinawa si nkhwangwa. Mtengo wonenepa ngati mkono umafunabe chikwanje, ndipo chitsa chimafunabe khasu.

Chachiwiri, thirakitala yanu ili ndi mphamvu yotani? Makinawa amadya mphamvu kuposa a mipeni iwiri aja, chifukwa amamenya udzu umodzimodziwo kangapo. Makina otambalala mita imodzi ndi theka amafuna thirakitala ya horsepower pafupifupi 35 kupita m'mwamba, ndipo pa tchire lowirira mphamvu yoposa pamenepo imathandiza. Mukagula otambalala kwambiri pa thirakitala yaing'ono, injini imatsamwa, malamba amapsa, ndipo kutsogolo kwa thirakitala kumanyamuka pokwera chitunda. Mulingo wabwino ndi wakuti makinawo angophimba pamene matayala a kumbuyo apondapo. Onaninso kuti zokolekera zitatu za kumbuyo kwa thirakitala zikugwirizana ndi za makinawo, chifukwa zili m'magulu osiyana kukula kwake.

Chachitatu, minda yathu ndi yotani? Pa kalembera wa 2018 boma la Dedza linali ndi anthu oposa 830,000, ndipo mabanja ambiri amalima malo osafika hekitala imodzi. Minda ndi ing'onoing'ono, njira ndi zopapatiza, ndipo munda uliwonse uli ndi mizere. Ili ndi vuto lenileni. Makina wamba amafuna malo osalala. Pa mizere italiitali, timipeni timadya pamwamba pa mzere n'kusiya udzu wa mu khwawa. Kumayiko olima mbatatesi kwambiri ali ndi makina a mtundu womwewu amene timipeni take n'tosiyana kutalika, totsatira maonekedwe a mzere, ndipo amadulira masamba a mbatatesi milungu iwiri kapena itatu asanakumbe kuti khungu la mbatatesi likhwime. Alimi a kachewere kuno kwathu angachite nazo chidwi zimenezi, koma amenewo ndi makina a ntchito imodzi. Poyambira, malo oyenera ndi minda ya mleranthaka imene mizere yake inaphwa, minda yogonera, minda ya zipatso, mabwalo a sukulu ndi a mpira, ndi m'mbali mwa misewu ya m'midzi. Ndipo dziwani kuti makinawa alipo ang'onoang'ono omangidwa pa thirakitala ya matayala awiri yoyenda nayo pansi, monga za kampani ya BCS ya ku Italy. Pa minda ya theka la ekala, yaing'onoyo ingathe kulowa pamene yaikulu singatembenuke.

Chachinayi, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu: zikawonongeka mudzapita kuti? Timipeni timatha. Malamba amaduka. Ma bearing amapsa. Musanalipire, funsani wogulitsayo akuonetseni timipeni tapadera, mabawuti ake ndi malamba, zili pa shelefu, osati m'buku la zithunzi. Lembani nambala ya lamba ndi ya bearing, mukafunse m'masitolo a zitsulo ku Lilongwe ngati zimapezeka. Makina a dzina lotchuka ngati Maschio kapena Kuhn, koma opanda zosinthira pafupi, aposedwa ndi makina wamba amene makaniko wa pa Chimbiya angathe kuwamasula. Gulirani limodzi timipeni tapadera ndi malamba tsiku lomwelo, chifukwa ndi mmene kwacha imayendera, mtengo wa lero si wa chaka chamawa. Gogodani chivundikirocho, muone ngati chitsulo chake n'chochindikala. Funsaninso ngati giyabokosi ili ndi kachipangizo kolola chipaipi kuzungulira chokha injini ikatsika. Popanda kameneka, pa mathirakitala ena akale chipaipi cholemeracho chimakankha thirakitala kupita kutsogolo ngakhale woyendetsa ataponda kilatchi.

Kagwiritsidwe ntchito

Ntchito imayamba ndi miyendo, injini isanalire. Yendani malo onse. Chotsani miyala ikuluikulu, zikani timitengo pa zitsa, pa zulu ndi pa maenje. Tolani waya, zingwe ndi masaka akale, chifukwa zimenezi zimakulungika pa chipaipi n'kuwononga ma bearing. Mwini munda ndi amene amadziwa pamene pali chitsa, choncho ayende ndi woyendetsa.

Konzani msinkhu kuti timipeni tisakhudze dothi. Masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pansi ndi bwino, ndipo pa malo a miyala kwezani koposa. Makinawa si olimira. Timipeni tikamadya dothi timabuntha msanga ndipo dizilo amangopita pachabe. Injini ikhale pa liwiro lopereka 540 pa PTO, koma thirakitala iziyenda pa giya yotsika. Udzu ukakhala wautali kuposa munthu, dutsani kawiri: koyamba makina ali m'mwamba, kachiwiri ali pansi.

Tiwerengere limodzi, poti uphunzitsi sutha. Makina a mita imodzi ndi theka, thirakitala ikuyenda makilomita 4 pa ola, ndiye kuti 1.5 kuchulukitsa ndi 4,000, tipeza masikweya mita 6,000, kapena kuti 0.6 ya hekitala pa ola. Tikachotsa nthawi yotembenuka ndi yoima, tinene kuti ekala imodzi pa ola. Bwalo la mpira lingathe m'maola awiri. Yerekezani ndi zimene zimachitika m'sukulu zathu zambiri mu teremu ya mvula: kalasi ya ana 60 imatuluka ndi zitchetcho kwa mphindi 40. Amenewo ndi maola 40 a maphunziro atayika tsiku limodzi, ndipo pakatha milungu itatu udzu wameranso. Choipa china n'chakuti kutchetcha timakupereka ngati chibalo, kenako timadabwa kuti ana akamaliza Fomu 4 safuna kumva za ulimi.

Nthawi yotchetcha nayonso ndi nkhani. Ine ndikuona kuti nthawi yabwino kuno ndi kuyambira Epulo mpaka Juni, mvula itasiya, nthaka itauma moti thirakitala singatitimire, koma udzu usanaumiretu. Udzu woterewu umanyenyeka bwino ndipo umayamba kuwola. Mu Sepitembala ndi Okutobala samalani kwambiri. Kampeni kakagunda mwala kamatulutsa moto, ndipo zinyalala zouma zimadzaza pa rediyeta ndi pafupi ndi ekizozi. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti makina ogulidwa pofuna kuthetsa moto ndiwo ayambitse moto. Gwirani ntchito m'mawa, ndipo madzi akhale pafupi. Dziwaninso kuti udzu wotchetcha umapsabe, kungoti moto wake umakhala waufupi ndi wosavuta kuzima. Pa njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango ya m'mudzi kapena munda wa zipatso, makina atsogole, kenako anthu apale zinyalalazo mpaka dothi lionekere.

Tsiku lililonse la ntchito, thirani girizi m'malo onse oyenera, onani mafuta a mu giyabokosi, kulimba kwa malamba ndi mabawuti. Kampeni kakathyoka, sinthaninso kanzake ka mbali ina ya chipaipi kuti kulemera kufanane. Makina akayamba kunjenjemera modabwitsa, imani pomwepo. Kunjenjemera kumeneko ndi kumene kumapha ma bearing ndi kung'amba pamene anawotcherera.

Tsopano za moyo. Shafiti ya PTO yozungulira ka 540 pa mphindi imazungulira ka 9 pa sekondi imodzi. Ikagwira chitenje, jekete kapena chingwe cha nsapato, palibe nthawi yokuwa. Chotchinga chake chapulasitiki chisachotsedwe, ngakhale chitamavutitsa pothira girizi. Musanagwire chilichonse, zimitsani injini, chotsani kiyi, dikirani chipaipi chiime, chifukwa chimapitiriza kuzungulira mwakachetechete. Musalowe pansi pa makina onyamulidwa popanda kuchirikiza ndi chipika. Ana asakwere pa madigadi, ndipo oonerera, amene kuno sasowa, aime patali. Pa malo otsetsereka yendani chokwera ndi chotsika, osati chopingasa, chifukwa thirakitala imagubuduzika cha m'mbali. Ikhale ndi chitsulo chotchinjiriza woyendetsa pamwamba, ndipo iye amange lamba. Pali malo ena m'mapiri athu amene thirakitala siyenera kupitako n'komwe. Kumeneko chikwanje chikhalabe mfumu.

Zimene anzanga amatsutsa

Ndikamakamba izi m'chipinda cha aphunzitsi, mafunso amabwera, ndipo ena ndi amphamvu.

Ena amati tchire si zinyalala. Akunena zoona. Tsekera ndi denga la nyumba, ndi mpanda, ndi ndalama ya mayi amene amamweta n'kugulitsa mitolo mu Juni ndi Julayi. Dambo ndi chakudya cha ng'ombe zokoka ngolo. Mapesi ndi masangwi nawonso ziweto zimadya. Ndipo pakati pa zitsamba pali mphukira za masuku, msangu ndi mitengo ina yachilengedwe, imene ikangosiyidwa imasanduka nkhalango popanda kugula mbande. Makinawa sasiyanitsa mphukira ya msuku ndi chisoso. Choncho asanalowe pa malo a mudzi, a mfumu ndi anthu awo agwirizane: apa ndi pomweta udzu, apa ndi podyetsa ziweto, apa tikusunga mphukira, apa ndiye potchetcha. Koma tisaiwale kuti moto nawonso susiyanitsa, ndipo sufunsa mfumu. Udzu wofolera umene umapsa chaka chilichonse usanamwetedwe ndi wochuluka zedi.

Ena amati chiswe chidzachuluka. Chiswe chimadya zouma, inde. Koma alimi ambiri ophimbira aona kuti chikapeza zinyalala pansi chimatanganidwa nazo, ndipo timauna take timalowetsa madzi m'nthaka. Vuto limene ndimalivomereza ndi lakuti mapesi akamawola, tizilombo towoletsa timabwereka nayitirojeni wa m'nthaka, ndiye chaka choyamba chimanga chingaoneke chachikasu. Mankhwala ake ndi kusinthanitsa ndi nyemba, soya kapena mtedza, ndi kuthira manyowa. Ndipo munda umene munali matenda oopsa a mbewu, mverani malangizo a alangizi musanasiye zotsalira zake pansi.

Ena amati makina adzalanda ganyu wa anthu osauka. Funso ili silofunika kulipeputsa. Koma tayang'anani bwino: ntchito imene makinawa angagwire, lero ikugwiridwa ndi ndani? Gawo lalikulu ndi moto, gawo lina ndi ana a sukulu. Onsewa salandira malipiro. Kuzula zitsa, kutola miyala, kupala njira zotchinga moto ndi kusamalira mphukira zidzafunabe manja.

Nanga mbewa? Apa ndiye palibe makina angathandize. Ndiwo ndi ndiwo, nanenso ndimadya. Koma kutentha phiri lonse chifukwa cha mbewa za mpani umodzi ndi nkhani ya malamulo a m'mudzi. Munda wotchetchedwa bwino ukhoza kupsabe ngati mudzi sunagwirizane za chindapusa cha wotentha.

Mwini wake akhale ndani?

Munthu wa ekala ziwiri sangagule thirakitala, ndipo asayese. Makina amene amamaliza ekala pa ola amafuna maekala mazanamazana pa chaka kuti abweze ndalama yake. Mutu umodzi susenza denga. Njira ndi ziwiri: gulu ligule, kapena munthu mmodzi wa bizinesi agule n'kumachititsa hayala.

Tikanena za mathirakitala a gulu, Amalawi timakumbuka bala. Boma linagula mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144 ndi gawo la ngongole ya madola 50 miliyoni yochokera ku banki ya Exim ya ku India, ponena kuti ndi zothandiza alimi ang'onoang'ono. Mu 2016 ofesi ya Ombudsman, pansi pa mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti losonyeza kuti ambiri mwa mathirakitalawo anagulitsidwa motchipa kwa anthu a maudindo ndi ena ochita bwino, ndipo mu 2019 khoti la Supreme linagwirizana ndi Ombudsman. Ngongoleyo ndi ya tonse, kuphatikizapo ana amene ndikuwaphunzitsa lero. Phunziro lake ndi lakuti chitsulo chopanda mwini weniweni chimapeza mwini wake usiku.

Choncho gulu lililonse loganiza zimenezi likhale ndi zinthu zinayi lisanaone n'komwe makinawo. Kaundula wa amene akufuna ntchitoyi, ndi maekala awo, oyandikana aikidwe tsiku limodzi kuti thirakitala isamathere dizilo pa msewu. Woyendetsa mmodzi kapena awiri ophunzitsidwa, osati aliyense amene ali pachibale ndi wapampando. Buku lolembamo maola, dizilo ndi ndalama, lowerengedwa pa msonkhano poyera. Ndipo mtengo wa pa ekala ukhale woona: dizilo, malipiro a woyendetsa, girizi, timipeni, malamba, kuphatikizapo kangachepe kosungira makina ena mtsogolo. Aliyense alipire, kaya ndi mfumu, kaya ndi abusa, kaya ndi mphunzitsi wamkulu. Kumbukiraninso kuti dizilo amasowa, monga tinaonera mu 2011 ndi mu 2024, choncho ntchito ikonzedwe nthawi ilipo.

Ndipo chanzeru n'kuyamba ndi kubwereka. Gulu lichite hayala makinawa kwa nyengo imodzi, litchetche malo ochepa, theka la munda lisiyidwe mmene timachitira nthawi zonse, ndipo pokolola tiyeze matumba. Munda wa sukulu ungakhale malo abwino oyeserapo, ana aziyeza okha chinyezi ndi zokolola. Akaona ndi maso awo, adzakafotokozera makolo bwino kuposa ine.

Sindikunena kuti makina otchetchera adzathetsa njala ku Lobi. Ndikunena kuti takhala tikuuza anthu kuti asatenthe tchire popanda kuwapatsa njira ina yochotsera tchirelo, ndipo ulaliki wotere sugwira. Amene muli m'makomiti a chitukuko a m'dera, m'makalabu a ulimi ndi m'makomiti a sukulu, nkhani ya thirakitala ikadzabwera pa msonkhano, imikani mkono mufunse kuti kumbuyo kwake kudzamangidwa chiyani, adzakonza ndani, ndipo buku lidzasungidwa ndi yani.